Space Mountain ya ku Magic Kingdom yakalamba, koma mdima wake sunasukuluke

Pakhomo pa Space Mountain, chokwera cha m'paki ya masewera ya Disney ku Florida, pali kachitsulo koyezera msinkhu wa ana. Amene sanafike mainchesi 44, omwe ndi masentimita 112, salowa, alire chotani. Mwana wanga wamkazi anabwererapo pamenepa ali ndi zaka zisanu, mutu utaperewera ndi zala ziwiri zokha, ndipo nkhaniyo sanaiiwale. Kunyumba analemba kamzere ndi pensulo pafelemu la chitseko cha kuchipinda kwake, n'kumadziyeza mwezi ndi mwezi. Titapitanso mu 2025, chaka chimene Space Mountain inakwanitsa zaka 50, anaimirira njo pakachitsulo kaja, mutu n'kugunda bwinobwino. Mtsikana wogwira ntchito pakhomopo anamwetulira n'kutilozera njira. Mwanayo anandikoka dzanja. "Adadi, tiyeni msanga asanasinthe maganizo."

Kumbuyo kwathu kunkabwera alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, akukoka miyendo. Iwowa ma roller coaster, tisitima ta m'mapaki a masewera tothamanga panjanji zokwera ndi kutsika, amawadziwa kuposa ine. Tchuthi chawo chonse chimathera m'mapaki, ndipo akhoza kukuuza kampani imene inapanga njanji pongoiyang'ana. Za Space Mountain ya ku Florida mawu awo sasintha. "Alamu, chinthu ichi chinatha kale. Sichithamanga, chimangokugwedeza, ndipo anthu amachikonda chifukwa anachikwera ali ana basi. Angochigwetsa amange china." Si iwo okha amene amatero. Pakati pa anthu okonda mapaki mkangano umenewu ndi wakalekale, ukayamba sutha msanga. Ine ndili kumbali inayo, chonsecho sindinaikwere ndili mwana. Ndinaikwera koyamba mu 2006 ndili munthu wamkulu kale, ndiye zoti ndikungokumbukira ubwana kwa ine sizigwira.

Kwa amene simunafikeko, Space Mountain ili ku Magic Kingdom, imodzi mwa mapaki a Walt Disney World pafupi ndi Orlando, kuchigawo chotchedwa Tomorrowland. Ndi kasitima kopanda injini kamene amakakokera pamwamba ndi tcheni n'kukasiya katsike kokha panjanji yokhotakhota, kungoti zonsezi zimachitikira m'nyumba yotseka, mumdima. Anaitsegula pa 15 Januwale 1975, pakiyo ili ndi zaka zitatu zokha, ndipo mu Florida monse mulibe roller coaster ina yakale kuposa iyi imene ikuyendabe. Nyumba yake umayamba kuiona ukadali pa monorail (sitima ya njanji imodzi yopita kupakiko), yoyera mbee, yozungulira, yosongokera kumwamba, mamita pafupifupi 56 kutalika ndi 91 m'mimba mwake. Nthiti za konkire zimene zimaoneka kunjazo ndi mitanda yogwira denga. John Hench, amene anajambula nyumbayi, anaiika kunja dala kuti m'kati mukhale mosalala poonetsapo nyenyezi. Ganizo loyamba linali la Walt Disney mwini wake m'zaka za m'ma 1960, koma anamwalira mu 1966 ntchito isanayambe.

Mzere wake ndi wautali, koma mbali yaikulu uli m'kati, ndipo dzuwa la ku Florida likafika pamutu munthu umayamika. Nyumbayo anaimanga kuseri kwa njanji ya sitima yozungulira paki, choncho umayamba watsetsereka, kudutsa pansi pa njanjiyo, kenako n'kukweranso. M'ngalandemo muli kamphepo kozizira, kuwala kochepa kwa buluu, ndi kanyimbo kapansipansi kokhazika mtima pansi. M'makoma muli timawindo toonetsa nyenyezi ndi mapulaneti, ndipo mwana wanga ankaima pa kalikonse mpaka a kumbuyo kutipempha kuti tisunthe. Tsiku limenelo tinadikira mphindi 55. Kumapeto njira imagawikana, kwina ku Alpha kwina ku Omega. Ndi njanji ziwiri, ina ngati chithunzi cha inzake pagalasi, iliyonse yotalika kungotsala pang'ono kukwana kilomita imodzi, Alpha kuposa inzake ndi mamita atatu okha. Alipo amene amalumbira kuti ina imakoma kuposa inzake. Ine ndakwera zonse kambirimbiri ndipo thupi langa silimva kusiyana.

Malo okwererawo ndi amene anasintha kwambiri chiyambire kubwera kwanga. Mu 2006 kunalibe denga pamwamba pa mzere. Ukakweza maso unkaona zombo, ndiye tisitima tokwerato, zikudutsa m'mwambamo, timizere tonyezimira m'mbali mwake, ndipo kukuwa kwa anthu kunkakugwera pamutu ukadali pansi. Mantha ankayambira pomwepo, miyendo kuyamba kulemera usanakwere n'komwe. Atatseka kuti akonze, kuyambira Epulo mpaka Novembala 2009, anaikapo denga kuti kuwala kusamafike kunjanji. M'katimo munada kwambiri, zomwe n'zabwino, koma zombo zija za m'mwamba ndimazisowa mpaka lero. Pokhapa ndi pamene ine ndi alamu timagwirizana popanda kukokana.

Chombo chake n'chachilendo kwa munthu wozolowera ma roller coaster a masiku ano. Ndi tingolo tiwiri tolumikizana, kalikonse ka mipando itatu yondondozana, anthu 6 basi. Palibe wokhala pambali pako. Mpando uli pansi penipeni. Umatsikiramo ngati ukulowa m'bafa losambira, miyendo n'kuitambasulira kutsogolo mbali iyi ndi iyo ya mpando wa mnzako, chikwama kumapazi, kenako n'kukokera chitsulo chotchingira pantchafu. Munthu wamtali ngati alamu amachita kupinda mawondo, ndipo potuluka amayamba wagwira m'mbali kuti adzuke.

Apa m'pamene mwana wanga anazindikira chinthu chimene sanachiganizire zaka ziwiri zonse zodziyeza pachitseko, choti akhala yekha. Anatembenuka, maso ali tong'oo. "Adadi, simukhala nane?" Ndinamuuza kuti ndili kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo ndinatambasula mkono pamwamba pa mpando n'kuika dzanja paphewa pake. Phewalo linkanjenjemera pang'ono. Anagwira zala zanga ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, n'kuzifinya ndi mphamvu zake zonse. Wogwira ntchito anadutsa akuonetsetsa kuti chitsulo cha aliyense chagwira, ndipo chombo chinasuntha.

Umayamba walowa m'ngalande ya magetsi a buluu othwanima, phokoso likukwererakwerera ngati chinthu chikudzaza mphamvu. Kumapeto kwake chombo chimakhota modzidzimutsa, kamera n'kukujambula pomwepo. Kenako tcheni imachigwira, gwe gwe gwe, kukwera mtunda. Pambali pali chombo chachikulu cha mumlengalenga ndi zidole za anthu ovala zovala za kumwezi zitaima chadodolido, ndipo ukaponya maso kutsidya nthawi zina umaona a njanji inayo akukwera limodzi nawe. Pamwamba tcheni imasiya. Kamphindi kochepa kumangoti zii. Kenako mdima wa ndiweyani.

Zimene zimachitika kuyambira pamenepo n'zovuta kuzilondoloza, chifukwa maso alibe pogwira. Tinyenyezi tili waliwali paliponse koma sitikuuza kumene ukupita. Chombo chimakhotera kumanzere thupi likuyembekezera kumanja, chimagwa pamene iwe umayesa chikwera. Mphepo ikuwomba kumaso, mawilo akulira pansi pako penipeni, kwinakwake pamwamba gulu lina likukuwa, ndipo mwa apo ndi apo mthunzi wa chitsulo umadutsa pafupi ndi mutu moti umawerama wekha osafuna, ngakhale ukudziwa kuti sichingakukhudze. Pali potsetsereka pamodzi pamene mtima umangoti myuu. Ndi mamita 8 okha, koma mumdima pamakhala ngati phompho. Kenako kuzungulira, kuzungulira, n'kulowa m'ngalande yofiira psuu ndi chiphokoso chake, mabuleki n'kugwira. Zonse pamodzi ndi mphindi ziwiri ndi theka. Zala zanga mwanayo anazisiya tisanafike pakati. Ndinamva mawu ake akusintha, kukuwa kwa mantha kuja kusanduka chikhakhali, ndipo dzanja langa linangotsala paphewa lopanda ntchito.

Titatuluka ndinamufunsa kuti akuganiza tinkathamanga bwanji. "Kuposa galimoto yathu pamsewu waukulu!" Alamu anaseka. "Muuzeni zoona, alamu." Zoona zake n'zakuti chombocho sichipitirira mamailosi 28 pa ola, makilomita pafupifupi 45, liwiro la galimoto m'misewu ya m'tauni, ndipo sichikutembenuza chadodolido ngakhale kamodzi. Kwa alamu nambala imeneyi yakwana kugamula mlandu. Ine nambala yomweyo ndi imene imandichititsa kuwavulira chipewa amene anamanga.

Pa roller coaster ya panja maso amatsogola. Umaona kona ikubwera, thupi n'kukonzeka, khosi n'kulimba, ndipo theka la mantha limathera pomwepo. Kuti akudzidzimutse ayenera kumawonjezera kutalika ndi liwiro chaka ndi chaka, moti chimene chinali choopsa dzana lero akukwera ndi ana. Mumdima mpikisano umenewo kulibe. Kachombo kakang'ono, mpando wapansi, makona afupiafupi, mphepo kumaso, maso osaona, ndiye ubongo umadzaza wokha zotsalazo, ndipo umadzaza mosefukira. Ndaikwera maulendo oposa 30 koma njira yake sindinailoweze. Kona iliyonse imandipezabe ndisanakonzeke, lero ngati mu 2006.

Za kugwedeza alamu sakunama, ndipo sindingabise. Space Mountain iyi si yosalala. Imakuponya uku ndi uku, ndipo polowa m'makona ena imachita kukutsomphola m'malo mokupendeketsa mwaulemu. Mwina ndi zaka, mwina ndi kapangidwe. Mtundu wake unachokera ku Matterhorn Bobsleds ya ku Disneyland ku California, ya mu 1959, imene inali yoyamba kuyenda panjanji ya mapaipi achitsulo, ndipo nayonso ili ndi njanji ziwiri ndi mipando yondondozana. Masiku amenewo makona sankawakonza monga achitira lero, pamene kompyuta imawerengetsa kupendekeka kulikonse kuti kugwirizane ndi thupi la munthu. Mpando wakumbuyo kwenikweni ndiwo umalandira zambiri, wakutsogolo umakhalako bwino. Pakhomo pali chikwangwani chochenjeza amayi oyembekezera ndi anthu a vuto la mtima, msana, khosi kapena kuthamanga kwa magazi kuti asakwere, ndipo chenjezo limeneli muzilimvera ndithu. Mayi a kunyumba, amene msana umawavuta kuyambira kale, amatidikira panja pamthunzi ndipo salakwitsa.

Pamene timasiyana ndi alamu ndi pa tanthauzo la kugwedezako. Iwo amati chonsecho n'chilema. Ine ndimati mbali ina n'chilema, mbali ina ndiye moyo wake. Kunjenjemera kwa mpando ndi kulira kwa chitsulo ndi zimene zimakuuza kuti uli m'kachinthu kakang'ono kosalimba kamene kakuuluka m'malo aakulu opanda polekezera. Ukazichotsa zonse, mdima uja ukhoza kusanduka wa kuchipinda chogona.

Enanso amadandaula ndi maonekedwe, amati mawa amene Space Mountain ikuonetsa ndi mawa a dzana. N'zoona kuti mabatani, zikwangwani ndi zovala za kumwezi zija zikununkhira zaka za m'ma 1970. Koma taganizani nthawi imene inamangidwa. Munthu womaliza anachoka pamwezi mu Disembala 1972, patangotha zaka ziwiri iyi n'kutsegulidwa, ndipo pamwambo wotsegulira panali Jim Irwin, amene anapondapo pamwezi mu 1971 paulendo wa Apollo 15. Anthu amene anafola pamzere chaka chimenecho anali ataonera maulendo a kumwezi pa TV m'nyumba zawo, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti ana awo adzapita okha kumeneko. Chiyembekezo chimenecho chikadalimo m'makomamo, ine ndimachimva ndikamadutsa m'ngalande muja, ndipo sindikuona chifukwa chochipentera utoto wina.

Mkanganowu unakolera moto mu Epulo 2023, atatsegula TRON Lightcycle / Run pafupi pomwepo. Kumeneko umakwera chowerama ngati panjinga yamoto, amakuponya kuchoka poima mpaka pafupifupi mamailosi 60 pa ola, kuposa kawiri liwiro la Space Mountain, ndipo njanji yake ndi yosalala ngati ukuyandama pamadzi. Alamu ananditengera kumeneko masana a tsiku lomwe tinakwera Space Mountain, awiriwiri, poti mwana anali asanafike mainchesi 48 amene amafunika. Ndinasangalala, sindikana. Kunyamuka kwake kumakutha mpweya m'chifuwa, ndipo usiku denga lake likayaka ndi chinthu chokongola zedi. Koma ukangoti uyambe kukhazikika, yatha kale, mphindi imodzi yokha kapena kupitirira pang'ono. Komanso chilichonse chimene uyenera kumva amachita kukuonetsa pamaso, magetsi ndi zithunzi mbali zonse. Potuluka ndinali nditaona zimene aliyense waona. Ku Space Mountain tamverani anthu akamatuluka. Wina akuti tinagwa katatu, mnzake akuti kasanu, wina akulumbira kuti chinamutembenuza chadodolido, chonsecho anali m'chombo chimodzi.

Tsiku lotsatira tinakwera PeopleMover, tisitima tapang'onopang'ono timene timazungulira Tomorrowland m'mwamba n'kudutsa m'kati mwa Space Mountain. Nthawi zambiri umangodutsa mumdima ukumva kukuwa. Tsiku limenelo zombo zinali zitaima kwa kanthawi ndipo magetsi onse a m'katimo anali oyaka. Okonda mapaki amati umenewu ndi mwayi, ena amachita kuthamangira ku PeopleMover akamva kuti kwayaka. Ine kanali koyamba m'zaka zonsezi.

Munalibe nyenyezi ngakhale imodzi. Munali zitsulo zotuwa, mizati yopingasana ngati ya nyumba imene ikumangidwa kumene, masitepe, tinjira tokhala ndi zogwirira, ndi njanji ziwiri zitapiringizana mothithikana moti umadabwa kuti zombo zimadutsana bwanji. Pansi simenti wamba. Phompho langa lija linali kamtsetse koti ukhoza kukayeza ndi maso. Alamu anandigunda ndi chigongono. "Mwaonatu, alamu? Ndi zimenezo basi. Nyumba yosungiramo katundu." Mwana wanga anali chete, atagwira m'mphepete mwa ngolo, chibwano pamanja. Patapita kanthawi anafunsa, "Adadi, nanga nyenyezi zija amazisunga kuti?" Ndinamufotokozera kuti ndi kuwala kumene amaponya padenga losalala lija. Anayang'ana dengalo nthawi yaitali, kenako anati, "Akazimitsa tibwerenso."

Ine chimene ndinaona m'zitsulo zimenezo ndi ntchito ya manja a anthu. Njanjiyo anaigawa m'zigawo, chilichonse ndi mabuleki ake, ndipo kompyuta silola chombo kulowa m'chigawo mmene muli chinzake. Chimodzi chikachedwa, za kumbuyo zimaima. N'chifukwa chake zombo zingapo zimatha kukhala panjanji nthawi imodzi, mumdima, osagundana. Mu 1975 kuyendetsa roller coaster ndi kompyuta chinali chinthu chatsopano, ndipo iyi inali m'gulu la zoyambirira. Tinjira tija si ta alendo ayi, ndi ta amisiri amene amalowa paki itatsekedwa kukayang'ana njanji, mabuleki ndi mabawuti ife tili m'tulo. Zaka 50 za ntchito yotero, tsiku ndi tsiku, ine sindingazitche nyumba yosungiramo katundu.

Nanga achite nayo chiyani? Zitsanzo zilipo kale, ndipo aliyense wokangana amaloza chake. Ku Disneyland ku California kulinso Space Mountain, ya mu 1977, imene anaitseka mu Epulo 2003, anazula njanji yonse n'kuika yatsopano motsata njira yomwe ija, n'kutsegulanso mu Julayi 2005. Nyumba yomweyo, ulendo womwewo, koma wosalala, anthu akukhala awiriawiri, nyimbo ikumveka m'chombo momwemo mogwirizana ndi kona iliyonse. Ku Tokyo anadzera njira ina. Yawo ya mu 1983 anaitseka pa 31 Julayi 2024 kuti amange yatsopano kuyambira pansi, imene analengeza kuti idzatsegulidwa mu 2027. Alamu akufuna za ku Tokyo, ndipo akamafotokoza nkhope imachita kuwala.

Ine ndikufuna za ku California, koma osati zonse. Njanji aisinthe nthawi yake ikakwana. Chitsulo chili ndi zaka zake, ndipo anzanga amene amati asakhudze ngakhale bawuti limodzi sakuikonda mwanzeru. Ku Magic Kingdom komweko, roller coaster ina yotchedwa Big Thunder Mountain Railroad, ya mu 1980, tinaipeza yotseka chifukwa ankaiikira njanji yatsopano, umboni woti n'zotheka kukonza popanda kugwetsa. Nyimbo aike m'chombo. Masipika amene anaika m'mbali mwa njanji mu 2010 amamveka ukadutsa pafupi, kenako amamezedwa ndi phokoso la mawilo. Malo a miyendo awonjezereko kuti anthu aatali asamapinde mawondo. Koma njanji ziwiri zikhale, makona afupiafupi akhale, liwiro asalikhudze, m'katimo asadzazemo masikirini, ndipo koposa zonse mpando ukhale wa munthu mmodzi. Ya ku California ndinaikwerapo, ndi yabwino kwabasi, koma ukakhala phewa ndi phewa ndi mnzako suiwala kuti uli kupaki. Ku Florida kumanzere mdima, kumanja mdima, ndipo kwa mphindi ziwiri zimenezo uli wekha mumlengalenga. Zimenezi sindinazipeze kwina kulikonse.

Pali chinanso chimene ofuna kugwetsa satchula. Kuyambira Juni mpaka Seputembala, masana ambiri ku Florida kumagwa mvula ya ziphaliwali, ndipo zokwera za panja monga Seven Dwarfs Mine Train ndi TRON yomweyo zimaima mpaka kuchite bata. Space Mountain imangopitirira. Mitambo ikangoda mudzaona khamu lonse likukhamukira ku Tomorrowland, ndipo amene amainyoza aja amakhala ali momwemo.

Kwa amene mukukonza zopita, tikiti ya tsiku limodzi yolowera ku Magic Kingdom imaposa madola 100 pa munthu ndipo mtengo umasintha malinga ndi tsiku. Mukalowa simulipiranso kuti mukwere, pokhapokha mutafuna kudumpha mzere pogula Lightning Lane. Ife sitinagule. M'mawa paki ikangotsegulidwa, kapena usiku anthu atapita kukaonera makombola kutsogolo kwa Cinderella Castle, nyumba yachifumu ya pakati pa paki, mzere umafupika kwambiri. Chipewa, magalasi ndi foni ikani m'chikwama musanakhale pansi. Ngati muli ndi mwana wosafika msinkhu funsani pakhomo za Rider Switch, kuti wina akwere wina atsale ndi mwana, kenako musinthane popanda kufolanso kuyambira kumapeto. Mwana wokwera koyamba muuzeni mukadali panja kuti akhala yekha pampando, asakazidziwire m'kati monga anachitira wanga. Mumuike patsogolo panu kuti dzanja lizimufika.

Usiku wathu womaliza tinabwereradi, makombola akuphulika kumbuyo kwathu. Mzere unali wa mphindi 20. Alamu anati atiperekeza mpaka pakhomo basi, koma titafika m'ngalande muja ndinawapeza ali pambuyo panga akung'ung'udza kanyimbo kaja. Pokwerera mwana wanga anapempha yekha kwa wogwira ntchito kuti ampatse mpando wakutsogolo, ndipo anatidikiritsa chombo chimodzi. Ndinati ndikhale kumbuyo kwake monga poyamba, iye n'kukana. "Ayi adadi, pakhale amalume. Inu khalani kumbuyoko." Alamu anapinda miyendo yawo yaitali ija n'kukhala pakati pathu. Kuchoka pampando wachitatu dzanja langa silikanamufika. Magetsi a buluu atayamba kuthwanima ndinangoona kamutu kake kutsogolo, kali chilili, osacheuka.